Zikuto ziwiri za buku

Mu Juni chaka chatha, nkhungu itaphimba phiri la Dedza mpaka m'munsi, ndidagula buku pa foni. Adandionetsa ndi mdzukulu wanga pa WhatsApp. Chikuto chake chidali chogwira mtima: mayi wovala chitenje chofiira ataima pamlatho, dzuwa likulowa kumbuyo kwake, mutu wa buku utalembedwa ndi zilembo zonyezimira ngati golide. Ndidatumiza K3,000 pa Mpamba, ndipo mphindi zisanu zisanathe buku lidafika. Ndidakokera mpando pafupi ndi mbaula n'kuyamba kuwerenga. Pofika tsamba 6 mtima udali utagwa kale. Munthu amene adaikidwa m'manda pa tsamba 3 adali akuyankhula ngati palibe chachitika, dzina la mayi uja lidasintha kawiri, ndipo mlatho wa pachikuto sudapezeke paliponse m'nkhanimo.

Mlembiyo sindimutchula, ndipo sindimusungira chakukhosi. Kulemba ndi ntchito yowawa, ndipo mwina palibe adamuthandiza kukonza. Chimene chidandisowetsa tulo ndi funso limene adandiponyera mdzukulu wanga yemweyo ataona nkhope yanga: "Agogo, ndiye kuti chikuto chikakongola buku limagulidwa basi, kaya m'kati muli zotani?" Ndaphunzitsa Chichewa zaka zoposa 30, koma yankho la msangamsanga ndidalibe. M'mawa mwake ndidatulutsa kunsi kwa bedi bokosi lachitsulo limene adandisiyira malemu bambo anga, poti mbiri ya chikuto cha buku m'dera lino ndidaionera m'bokosi limenelo.

Ndidakulira kufupi ndi phiri la Mphunzi. Tili ana tinkadyetsa mbuzi m'mbali mwa phirilo, ndipo mvula ikatipeza tinkathawira m'mapanga. M'menemo ndi mmene ndidayamba kuona zojambula, zilembo ndisanazidziwe: mizere ndi timizeremizere tozungulira tofiira, ndiponso zinyama zoyera zotambasula miyendo. Agogo ankati zofiirazo adajambula ndi Akafula. Za zoyerazo ankangoti, "Iwe, zimenezo n'za akuluakulu." Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika zojambula za ku Chongoni, zopezeka m'malo 127, pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Akatswiri amene adazifufuza amati zambiri mwa zoyerazo zidali zokhudza chinamwali cha atsikana, maliro, mvula ndi gule. Anamkungwi ankaloza chithunzi n'kumapereka mwambo pakamwa. Wojambula sankafuna kukopa munthu wodutsa, n'chifukwa chake adajambula kobisika. Chithunzi chidali chikumbutso cha mawu, ndipo mawuwo akaiwalika chinkangotsala dothi loyera pamwala. Kuno kwathu chithunzi ndi mawu zidayamba kuyendera limodzi kalekale, pepala lisanafike.

Pepala lidabwera ndi amishoni. A Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, adafika ku Mvera mu 1889. Mishoni ya Nkhoma idatsegulidwa mu 1896, ya kwathu ku Mphunzi mu 1903. Kunsi kwa mapiri, cha kunyanja, ansembe a White Fathers adakhazikika ku Mua mu 1902, kenako adakwera kudzamanga ku Bembeke. Mbali zonse ziwiri zinkafuna kuti anthu adziwe kuwerenga, ndipo mabuku oyamba kulowa m'midzi yathu adali a sukulu, a katekisimu ndi a nyimbo. Mu 1922 mudatuluka Buku Lopatulika, Baibulo lathunthu m'Chinyanja, limene William Murray ndi anzake, pamodzi ndi aphunzitsi a kuno komwe, adalivutikira zaka zambiri ku Mvera. Amenewa ndiwo mabuku amene adaphunzitsa agogo athu chimene buku lili.

Bambo anga adali mkulu wa mpingo, komanso ankagulitsa mabuku. Mvula ikatha, anthu akagulitsa mtedza ndi fodya, ankamanga bokosi lachitsulo lija pakaliyala ya njinga, kulikutira ndi chiguduli, n'kupalasa ulendo wa ku Nkhoma. Ankabwerako tsiku lachiwiri miyendo ili mbuu ndi fumbi, bokosi litadzaza Mabuku Opatulika, Nyimbo za Mulungu, katekisimu ndi timabuku tating'ono ta nkhani. Nthawiyo n'kuti ndalama zili mashereni ndi mapeni, kwacha isanabwere mu 1971. Amene adalibe ndalama ankabweretsa nkhuku kapena chitini cha nyemba, bambo n'kulandira.

Ndimakumbukira bwino mmene munthu ankagulira. Ankayamba wapukuta manja m'malaya, kenako n'kulinyamula bukulo kuti amve kulemera kwake. Ankalitsegula pakati penipeni kuti aone ulusi, n'kufunsa kuti, "Kodi silithothoka ili?" Funso limenelo lidali lanzeru. Buku linkakakhala m'nyumba ya udzu, mmene muli utsi, chiswe, mphemvu, makoswe ndi denga lodontha. Chikuto chinkafunsidwa chinthu chimodzi: kulimba. Baibulo lidali lakuda bii, lopanda chithunzi chilichonse. Timabuku ta nkhani tidali ndi chikuto cha pepala lokhuthalako pang'ono, pali mutu, dzina la mlembi ndi kumene adasindikiza, basi. Akakhutira ndi ulusi, wogula ankati, "Tatiwerengereniko pang'ono, akulu a mpingo." Bambo ankavala magalasi, kutsokomola kamodzi, n'kuwerenga tsamba limodzi mokweza pansi pa mtengo. Akalekeza pamene nkhani yafika pokoma, m'pamene anthu ankamasula mfundo za mipango. Malonda a bambo adali m'khutu la wogula.

Mwa timabuku timeneto, kamene kankatha msanga ndi Nthondo, ka Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Nkhaniyi idapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, idasindikizidwa mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young adaimasulira m'Chingerezi n'kuitcha Man of Africa. Imalondola moyo wa munthu mmodzi kuchokera pobadwa mpaka kumanda: ubwana wake, kupulupudza kwake, maulendo ake okasaka ntchito, ufumu wake ndi kutembenuka mtima kwake. Anthu a kwathu ankadziona okha m'menemo. Ntara yemweyo adalembanso Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza. Nthondo wa m'nyumba mwathu adayenda mudzi wonse. Pamene ine ndinkamuwerenga, chikuto chidali chitapita kalekale pamodzi ndi tsamba loyamba, ndipo m'makona mudali mutada ndi thukuta la zala za anthu. Komabe madzulo aliwonse pankabwera mwana wotumidwa: "Akuti mubwerekeko buku lija lopanda mutu." Tinkaliwerenga pa koloboyi mpaka mafuta kutha.

Baibulo la bambo nalonso lidafika pothothoka chikuto, chifukwa linkatsegulidwa m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina mayi adang'amba chidutswa cha nsalu yawo ya biriwita, adadula katoni, adaphika phala lopyapyala la ufa woyera lomatira, n'kutenga singano yosokera matumba. Adakhala pamkeka masana onse akusoka msana wa bukulo, mfundo ndi mfundo, kenako adalitsindira ndi mwala usiku wonse kuti liume lowongoka. Mayi sankadziwa kuwerenga bwino, koma ankadziwa chimene bukulo linkachita m'nyumba mwawo. M'bokosi la bambo munkatsalanso timabuku tina tosagulidwa, zikuto zake zili zatsopano mpaka chiswe chidatipeza. Palibe adatisokerapo nsalu. Kuyambira pamenepo ndidadziwa kuti buku limatha kukhala ndi zikuto ziwiri. Choyamba amaika ndi wogulitsa, munthu asanawerenge. Chachiwiri amasoka ndi wowerenga, atawerenga.

Kusukulu tidapezako chikuto china, cha lamulo. Aphunzitsi ankagawa mabuku a boma n'kunena kuti mawa aliyense abwere atakutira. Amene makolo awo adali ndi kangachepe ankagula pepala la khaki kusitolo. Enafe tinkatola mapepala a matumba a simenti kapena a shuga, kuwakung'untha, kuwawongola pansi pa mphasa, n'kupinda makona mosamala. Motero kalasi yonse inkakhala ndi mabuku ofanana nkhope. Chichewa cha Sosa, masamu, Chingerezi cha Timve ndi Tsala, onse a khaki. Buku tinkalizindikira ndi kunenepa kwake ndi dzina lolembedwa pamanja. M'badwo wathu udaphunzira kuwerenga osaona n'komwe zimene wosindikiza adajambula kunja.

Nthawi yomweyo mabuku a Chinyanja ankachuluka. Mu 1948 boma la atsamunda lidakhazikitsa ku Lusaka ofesi yoona zosindikiza mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene inkathandiza alembi a zinenero za kuno kuti mabuku awo atuluke kudzera m'makampani a ku Britain. Mabuku a E.W. Chafulumira, Kalenga ndi Mnzake la Josiah Phiri, Ntchito ya Pakamwa la E.J. Chadza, Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe a John Gwengwe adalowa m'masukulu ndi m'nyumba. Mu 1968 Chichewa chidakhala chinenero cha fuko. Pazikuto padayamba kuoneka zojambula za pensulo ndi utoto umodzi kapena uwiri, koma amene ankagulitsa mabukuwa kwenikweni ndi silabasi ndi pakamwa pa mphunzitsi. Buku likalowa pamayeso linkagulidwa ngakhale chikuto chikhale chotuwa.

Mphamvu ya utoto ndidaidziwira kusekondale, ku Box 48, sukulu ya boma ya Dedza imene idatsegulidwa mu 1951. M'laibulale mudali mzere wa mabuku a msana wa mtundu wa lalanje. Adali a African Writers Series, amene kampani ya Heinemann idayamba mu 1962 ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe. Nzeru ya utotoyo idali itayesedwa kale ku Britain, kumene Allen Lane adayambitsa mabuku otchipa a Penguin mu 1935: lalanje nkhani zopeka, wobiriwira nkhani za upandu, buku lililonse sikisipensi. Ukaona lalanje la Heinemann unkadziwa kuti muno muli Mwafirika akulankhula za kwawo, ndipo unkatenga ngakhale dzina la mlembi ukuliona koyamba. Chikuto chidasanduka chizindikiro, ngati mphini za fuko. Chinkagwira ntchito chifukwa kumbuyo kwake kudali akonzi owerenga ndi kusankha, ndipo Achebe mwiniwake adali mlangizi wa ntchitoyo zaka khumi zoyambirira. Utoto unkalonjeza, ndipo kawirikawiri lonjezolo linkasungidwa.

Nditayamba uphunzitsi kudabwera ma Pacesetters a kampani ya Macmillan, amene adayamba kutuluka mu 1977. Awa ndiye adali nyambo yeniyeni: galimoto zothamanga, mfuti, mnyamata wa suti, mtsikana akulira. Ana anga a sukulu ankawabisa m'kati mwa buku la jogalafe. Sindikayika kuti zikutozo zidakopa ana ambiri amene sakadagwira buku la nkhani m'moyo wawo, ndipo pa chimenecho ndimazithokoza. Koma ndidaonanso china. Mabukuwo adali oposa 100, zikuto zonse zowala mofanana, koma m'kalasi ankalimbirana owerengeka okha. Limene lakoma linkalembedwa mndandanda wa odikira kuseri kwa kope, n'kumayenda usiku umodzi munthu mmodzi, mpaka chikuto kuthothoka, wina n'kuchimata ndi selotepi. Limene silidakome linkabwerera kwa mwini wake likadali lonyezimira. Ukafuna kudziwa buku labwino m'hositelo, unkayang'ana lomwe lang'ambika kwambiri.

Makampani a kuno nawo sadagone. CLAIM idayamba mu 1968. Popular Publications ya ku Limbe, eni ake a magazini ya Moni, idatsegula mndandanda wa Malawian Writers Series m'zaka za m'ma 1970, ndipo Dzuka idatulutsa mabuku ambiri a sukulu ndi a nkhani. Likuni Press inkasindikiza nyuzipepala ya Odini ndi mabuku a mpingo. Mayina a Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba adadziwika m'dziko lonse: Madzi Akatayika, Njala Bwana, Mtima Sukhuta, Ikakuona Litsiro Sikata. Taonani mitu imeneyo. Yambiri ndi miyambi kapena mawu a pakamwa pa anthu. Alembi athu adazindikira kuti Mmalawi amakopeka ndi khutu msanga kuposa diso, ndipo mutu wa buku unkagwira theka la ntchito ya chikuto. Aubrey Kalitera, atatulutsako mabuku ku Kenya, adayamba kudzisindikizira yekha pansi pa dzina la Power Pen Books. Mapepala ndi zikuto zake zidali zosalira zambiri, koma anthu ankawerenga chifukwa ankadziwa kukoka nkhani.

Zaka zimenezo chikuto chinkathanso kukuika m'mavuto. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo mabuku mazanamazana adaletsedwa. Mu 1973 mudabweranso lamulo la kavalidwe, loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Mabuku a James Hadley Chase, amene zikuto zake zinkakhala ndi akazi osavala mokwanira, tinkawaona atang'ambidwa chikuto dala kapena atakutidwa khaki n'kulembedwa dzina la phunziro lina. Ankawerengedwabe, umboni wakuti chimene chinkawayendetsa m'manja mwa anthu sichidali chithunzi chokha. Ndipo boma lenilenilo linkadziwa kumene kuli mphamvu ya buku. Ndakatulo za Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, zidatuluka ku Heinemann mu 1981. Patapita zaka zochepa zidachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo mu 1987 mlembiyo adatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Chimene adachiopa chidali m'kati.

Ulamuliro wa dziko utasintha mu 1994, ziletso zidachepa koma malonda a mabuku adadwala. Malawi Book Service, imene inkafikitsa mabuku m'maboma, idatha m'zaka zomwezo. Kwacha idagwa, pepala lidakwera mtengo, ndipo makampani adathamangira mabuku a silabasi chifukwa ndiwo adali ndi wogula wodziwika. Munthu wa ku Dedza wofuna buku la nkhani ankayenera kukwera basi ya ku Lilongwe, kapena kusakasaka pa anyamata oyala mabuku akale pakhonde la sitolo. Pakhonde paja mwambo wa bambo anga udali ukadalipo. Unkagwada, kutsegula, kuwerenga tsamba limodzi kapena awiri dzuwa likukuwotcha pamsana, mnyamata akukuyang'ana, kenako m'pamene munkayamba kunenerera mtengo.

Tsono foni yasintha chinthu chimodzi chachikulu. Amazon idatulutsa Kindle mu 2007, koma buku la pakompyuta lidafika m'midzi yathu kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo kulipira kudaphweka Airtel Money itayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013. Buku lotere lilibe kulemera, lilibe ulusi, chiswe sichilidya. Ntchito yoyamba ya chikuto, yoteteza, idatheratu. Chatsala ndi kachithunzi kochepa ngati bokosi la machesi, kopikisana ndi mauthenga a maliro, mavidiyo a nthabwala ndi zotsatira za mpira, pa chala chimene chikuthamanga. Pa Amazon wogula amaloledwa kuwerenga masamba oyamba ulere, amaonanso zimene anena ena amene adagula kale. Ogulitsa ambiri a pa WhatsApp amati tumizani kaye ndalama. Amayi pamsika sagula mbiya asanaigogode ndi chala kuti amve ngati ili ndi mng'alu. Ine tsiku lija ndidagula mbiya yosagogoda.

Palinso china chimene chidaduka. Kale chikuto chokongola chinkadya ndalama zambiri: wojambula, utoto, makina. Kampani sinkataya ndalama zimenezo pa nkhani imene mkonzi sadaiwerenge, kuibweza kwa mlembi, n'kuiwerenganso. Choncho kukongola kwa kunja kunkachitira umboni kuti m'kati mwadutsa maso a anthu angapo. Lero mnyamata wa laputopu paboma, yemwe amapanga makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, amakupangira chikuto pa ola limodzi, ndipo alipo makompyuta ojambula okha chithunzi ukangowauza chimene ukufuna. Anyamatawa ali ndi luso, ndipo ntchito yawo ndi yoyenera malipiro. Koma kukonza nkhani kukadali kwa miyezi, monga kale, ndipo mkonzi wabwino ndi wosowa. Chotchipa chapita patsogolo, chodula chatsalira. Maso athu, amene adazolowera kukhulupirira chikuto chabwino m'masiku a Heinemann ndi Dzuka, sadadziwebe kuti umboni uja udatha.

Ndiye yankho la funso la mdzukulu wanga ndi lakuti inde, chimagulitsa. Ndikadakana ndikadanama, poti K3,000 yanga idapita. Pa foni chimagulitsa kuposa mmene chinkachitira papepala. Koma aliyense wa kuno amadziwa malonda a kachewere pamsewu wa M1, pa Bembeke kapena pa Lizulu. Wogulitsa wina amaika zikuluzikulu pamwamba pa ndowa, pansi n'kudzaza timbatata tonga mazira a njiwa. Wapaulendo amene sadzadutsanso amagula n'kupita. Koma dalaivala wa minibasi amene amadutsa tsiku ndi tsiku amabedwa kamodzi kokha, ndipo mawa amaimitsa galimoto pa mayi wina amene amalola kukhuthula ndowa yonse pachiguduli wogula akuona. Owerenga Chichewa tilipo ochepa ndipo timadziwana. Tili m'magulu omwewo a WhatsApp a mpingo, a sukulu ndi a mudzi. Ndife madalaivala a minibasi, osati apaulendo. Mlembi uja watulutsanso buku lachiwiri, chikuto chokongola kuposa choyamba. Sindidagule, ndipo anzanga atatu amene adandifunsa sadagulenso. Akuluakulu adanena kale za chikomekome cha mkuyu, ndipo amene walumidwa ndi nyerere zake sasunga chinsinsi.

Izi sizikutanthauza kuti mlembi anyozere chikuto. Ndaonapo nkhani zabwino, zolembedwa ndi aphunzitsi anzanga opuma, zikufera m'foni chifukwa kunja kwake kudali zilembo zothinana pa utoto wotuwa, zosawerengeka pakachithunzi kakang'ono. Zimenezo zimandiwawa kuposa K3,000 ija. Mwana wako ukamutuma kwa anthu umamusambitsa ndi kumuveka bwino. Pitani ku Dedza Pottery, imene yakhala ikuumba kuno kuyambira m'zaka za m'ma 1980, mukaone makapu ojambulidwa nsomba, njovu ndi midzi. Alendo amaima chifukwa cha zojambulazo, koma dongo limakhala litapondedwa, kuumbidwa ndi kuwotchedwa mokwanira, n'chifukwa chake kapuyo amamwera tiyi zaka ndi zaka. Kapena tsikirani ku Mua, ku KuNgoni, malo a zachikhalidwe amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Buku lawo la 2012 lofotokoza gule wamkulu, When Animals Sing and Spirits Dance, ndi lodzaza ndi zithunzi zokoka maso, koma kuseri kwa chithunzi chilichonse kuli zaka zambiri za kukhala pansi ndi eni mwambo, kufunsa ndi kulemba. Kukongola kotero kumachokera m'kati n'kutulukira kunja, monga zojambula za m'mapanga a Mphunzi zinkanyamulira mawu a anamkungwi.

Chimene sindinkadziwa tsiku lija n'chakuti mdzukulu wangayo ankafunsa za iye mwini. Adali atalemba nkhani yake, ya mtsikana wogulitsa kachewere amene akufuna kubwerera kusukulu, ndipo adali atasunga kale ndalama ya chikuto. Ndidamupempha kuti ndalamayo idikire. Tidasindikiza nkhaniyo papepala, ndidatenga bolopeni yofiira, ndipo tidaidutsa katatu. Adakwiya, adalira, adachotsa mutu wathunthu umene ankaukonda, adalembanso mathero. Patatha miyezi inayi m'pamene adapita kwa mnyamata wa laputopu. Pachikuto adaikapo ndowa ya kachewere m'mbali mwa msewu, phiri lili kumbuyo mu nkhungu, zilembo zazikulu zowerengeka ngakhale pafoni yaing'ono. Ndowayo ilimo m'nkhani, phirilo lilimonso. Ndidamuuzanso za agogo ake aakulu pansi pa mtengo paja, ndipo adavomera kuti mutu woyamba azipereka ulere, munthu agogode kaye mbiya. Ndidamuchenjeza kuti ena adzagawana bukulo osalipira, ndi kuti akalembetse ntchito yake ku COSOMA, bungwe loteteza eni luso, poti thukuta la mlembi liyenera kumudyetsa.

Madzulo amene buku lake lidatuluka ndidamuitana n'kumupatsa Baibulo la biriwita lija kuti aligwire. Nsaluyo idatuwa, koma mfundo za mayi zikadali zolimba. Adaliyendetsa chala pamsana n'kufunsa kuti, "Nanga langa la pafonili, agogo, adzalisoka bwanji?" Ndidalibe yankho, ndipo tidangokhala chete tikuwotha moto. Yankho lidabwera lokha patapita masabata atatu. Adathamangira kumunda kumene ndinkapalira, foni ili m'manja, kudzandionetsa uthenga wa mayi wina wa ku Mzuzu amene sitimudziwa. Mayiyo adati bukulo adamuuza ndi mchemwali wake, adaliwerenga usiku umodzi, adawerengeranso ana ake mokweza, ndipo watumiza kale ndalama ya buku lachiwiri ngakhale lisanalembedwe. Ndidaika khasu pansi, ndidapukuta manja m'malaya monga ankachitira ogula a bambo, ndipo ndidaulandira uthengawo ndi manja awiri.